Wagona pa machira ndi mwana wa yani?

Ndiyambe ndi kuulula kanthu kamene kakhala kakundisautsa mumtima. Usiku wina chakumapeto kwa Ogasiti 2025, nditaweruka kuntchito cha m'ma 11 koloko, ndinatsikira pa siteshoni ya Metro ya Foggy Bottom n'kupeza asilikali a National Guard ataima awiriawiri. Nditangowaona, mtima wanga unakhala pansi. Chikwama chimene ndimachifukata ngati khanda ndikamayenda usiku ndinachisiya chilendewere paphewa. Ndinakondwa, ndipo sindikubisa.

Manyazi anandigwira sitima itanyamuka. Madzulo omwewo ndinali nditadula ndi sizasi buluku la mnyamata wa zaka 16 amene a ambulansi anabwera naye chipolopolo chitalowa pantchafu. Asilikali aja anali kuno, kumene kuli yunivesite, maofesi a State Department ndi nyumba zodula. Mnyamatayo anamuwombera kutsidya kwa mtsinje wa Anacostia, pafupi ndi khomo la agogo ake.

Kwa inu amene mukuwerenga muli ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Dublin, nkhani yake inayenda motere. Mbandakucha wa pa 3 Ogasiti 2025, gulu la achinyamata linamenya Edward Coristine, mnyamata wa zaka 19 amene ankagwira ntchito ku DOGE, nthambi ya boma imene Elon Musk ankatsogolera. Zinachitikira chakufupi ndi Logan Circle, ndipo apolisi anati anawo ankafuna kulanda galimoto. Anagwira awiri, mnyamata ndi mtsikana, onse a zaka 15, ochokera ku Maryland. Pulezidenti Donald Trump anaika pa intaneti chithunzi cha Coristine atakhala pansi magazi ali thupi lonse. Pa 11 Ogasiti analengeza kuti umbanda wafika pangozi mu Washington, anatenga ulamuliro wa polisi ya mzindawu kwa masiku 30 potsata ndime 740 ya lamulo la Home Rule la 1973, n'kutumiza asilikali 800. Ena anabwera pambuyo pake kuchokera m'zigawo monga West Virginia ndi Ohio, mpaka anapitirira 2,000. Mu Sepitembala, aphungu a House of Representatives anavomereza bilu yoti mwana wa zaka 14 wopalamula milandu ina ikuluikulu aziweruzidwa ngati munthu wamkulu.

Zimene anamuchita Coristine ndi zoipa. Ine ndikudziwa mmene nkhope ya munthu womenyedwa ndi gulu imaonekera tsiku lachitatu, maso atatupa mpaka kutsekeka, ndipo ndikudziwa kuti mantha ake amatsala mabala atapola kalekale. Amayi ake analira ngati mayi wina aliyense. Amene amaseka nkhaniyi chifukwa chodana ndi ndale za mnyamatayo akulakwa.

Funso langa ndi lina. Magazi a mnyamata mmodziyu anagwedeza dziko pa masiku asanu ndi atatu. Nanga a enawa?

Mu 2023 anthu 274 anaphedwa mu Washington, chiwerengero chimene chinali chisanaonekeponso kuyambira 1997. Ambiri anali amuna achikuda, ndipo gawo lalikulu anafera ku Ward 7 ndi Ward 8, kutsidya kwa mtsinje kuja. Mu 2024 chiwerengerocho chinatsika ndithu, n'chifukwa chake akuluakulu a mzinda ankatsutsa zoti kuli ngozi yatsopano. Koma kwa ife ogwira ntchito m'chipinda cha ngozi, kutsika kwa manambala kumatanthauza kuti Loweruka usiku abwera awiri m'malo mwa atatu. Kuyambira 2020, mfuti ndiyo imapha ana ndi achinyamata a zaka 1 mpaka 19 kuposa china chilichonse m'dziko lino, kuposa ngozi za galimoto, kuposa khansa. Ana amenewa zithunzi zawo sizifika ku White House. Zimathera pa malaya amene anzawo amasindikiza n'kuvala pamaliro, ndi pa mtengo wa magetsi pomwe amamangirirapo zidole ndi mabaluni.

Mawu oti "gang" amasocheretsa pang'ono. Kuno si kwenikweni magulu aakulu okhala ndi bwana ndi malamulo ngati a m'mafilimu. Apolisi ndi anthu a m'madera amawatcha "crews": anyamata a msewu umodzi kapena a nyumba za mdadada umodzi, amene amadana ndi a msewu wachiwiri pa chifukwa chimene nthawi zina chinayamba iwo asanabadwe. Wina wanyoza womwalira pa Instagram, wina waimba nyimbo yotonza, mawa lake mfuti yalira pamalo okwerera basi. Mwana sasainira kuti alowe. Adilesi yake ndiyo imamulowetsa.

Pali chimene ntchito yandiphunzitsa chomwe nyuzipepala sizionetsa. Womenya ndi womenyedwa kawirikawiri ndi mwana mmodzi yemweyo, usiku wokha ndiwo wasiyana. Zaka zapitazo ndinasamalira mnyamata wina amene anabayidwa ndi mpeni pamimba. Anali waulemu, ankati zikomo ndikamusintha bandeji, ankaopa jakisoni ngati mwana wa sitandade wani. Patapita miyezi ingapo anabweranso, ulendo uno dzanja lili mu unyolo womangirira kubedi, wapolisi atakhala pakhomo. Anali atavulala pothawa, ndipo amene anamuvulaza iyeyo anagona m'chipinda china pansanjika yomweyo. Chipsera chake cha pamimba ndinachizindikira ndisanazindikire nkhope. Ndiye mundiuze, abale: mwana ameneyu ndimuike mbali iti? Ya ofunika kuwateteza kapena ya ofunika kutetezedwa kwa iwo?

Kuchipatala funso limenelo satilola n'komwe kulifunsa. Lamulo losankhira odwala limayang'ana bala: akupuma bwanji, magazi akutuluka motani, mtima ukugunda bwanji. Silifunsa kuti bambo ake ndi ndani kapena wachita chiyani usikuwo. Ngati wowombera wavulala kwambiri kuposa wowomberedwa, ndiye amayamba kulowa ku thiyeta. Poyamba zimenezi zinkandiwawa. Tsiku lina ndinaima m'chipinda chosungira mankhwala ndikunjenjemera ndi mkwiyo, chifukwa ndinkaikira dripu munthu amene ndinkadziwa chomwe wachita. Koma ndinazindikira kuti tsiku limene ndidzayambe kusankha magazi oyenera kuletsa ndi osayenera, palibe wodwala amene adzakhale wotetezeka m'manja mwanga, ngakhale mwana wanu.

Mu Genesis mutu 4 muli chinthu chimene timachidumpha tikamaphunzitsa ana a Sande sukulu. Timakumbukira kuti magazi a Abele anamveka kwa Mulungu kuchokera m'nthaka, ngakhale panalibe mboni, panalibe chithunzi. Timakumbukiranso kuti Kaini analangidwa, ndipo chilangocho chinali chowawa: nthaka inamukana, anakhala woyendayenda. Chimene timaiwala n'chakuti Mulungu yemweyo anaika chizindikiro pa Kaini kuti wina asamuphe. Wakupha woyamba analangidwa koma sanatayidwe kuti aliyense achite naye zomwe akufuna. Ine zonse ziwirizi zimandivuta kuzinyamula pamodzi, ndipo ndikuona kuti mzinda uno zimauvutanso. Ena akufuna chilango chokha. Ena akuopa ngakhale kutchula kuti mwana walakwa.

Lamulungu lina titaweruka, ndinakamba maganizo amenewa pomwa tiyi, ndipo amayi ena achikulire a mumpingo mwathu anandidula.

"Mwana wanga, iwe ukuwamvera chisoni ana amenewa chifukwa sanakuloze mfuti. Bambo akunyumba amayendetsa Uber usiku. Foni yawo ikapanda kuyankhidwa kawiri, ine ndimagwada pansi. Asilikali aja abwere, achulukenso."

"Amayi, mukunena zoona," ndinayankha, ndipo sindinanene mongowasangalatsa.

Akunena zoona. Mu Malichi 2021 bambo wina wa zaka 66 wochokera ku Pakistan, amene ankaperekera zakudya pa Uber Eats, anafa pafupi ndi bwalo la Nationals Park atsikana awiri, wa zaka 13 ndi wa zaka 15, akumulanda galimoto. Anali mlendo wodzafuna moyo ngati ife tomwe. Ndipo asilikali ndi apolisi a boma atabwera, meya Muriel Bowser mwini wake anavomera kuti kulanda magalimoto kunatsika kwambiri. Munthu wamantha si wochimwa chifukwa cha manthawo. Pamene ana awiri aja a nkhani ya Coristine anaweruzidwa kuti akakhale kunja moyang'aniridwa osalowa ndende, ambiri anakwiya, ndipo mkwiyo wawo ndimaumvetsa.

Pomwe ndimasiyana ndi amayiwa ndi apa. Msilikali pa siteshoni amachiza mantha anga. Sachiza chimene chinabweretsa mnyamata uja pa machira. Bungwe la National Institute for Criminal Justice Reform litafufuza za mfuti mu Washington linapeza kuti gawo lalikulu la kuwomberana limazungulira anthu pafupifupi 500 okha pachaka, anthu odziwika mayina, ndipo ambiri mwa iwo ndi akuluakulu a zaka za m'ma 20 ndi 30, osati ana. Ana ndi amene amaoneka pa vidiyo, koma mfuti imene ili m'chikwama cha mwana wa zaka 14 inadutsa m'manja mwa munthu wamkulu.

Dokotala wina wa ku Chicago, Gary Slutkin, anagwira ntchito zaka zambiri ku Africa kulimbana ndi TB, kolera ndi Edzi. Atabwerera kwawo anaona kuti chiwawa chimafala ngati mliri: womenyedwa lero ndiye wobwezera mawa. Anayambitsa njira yotumiza anthu a m'dera lomwelo, ena oti anakhalapo kundende, kuti akaime pakati mkangano usanafike pamfuti. Ife a ku Malawi izi si zachilendo. Kolera ikagwa sitimangomanga matenti. Timatumiza alangizi a zaumoyo khomo ndi khomo kukafunsa komwe anthu akutunga madzi. Kuno ntchito yotere ilipo, ndipo mu 2018 ofesi ya Attorney General wa mzindawu inayamba ina yotchedwa Cure the Streets. Si mankhwala a zonse, ndipo ili ndi zofooka zake. Koma ndaonapo bambo wa ntchito yotereyi atakhala pambali pa bedi 3 koloko usiku, akulankhula motsitsa mawu ndi msuweni wa wovulala kuti asatuluke kukabwezera. Bamboyo sadzaoneka pa TV, chifukwa maliro amene sanachitike alibe chithunzi.

Tsopano ndifike pakhomo pathu, poti mtima wosankha anawu sitinauphunzire ku America. Tinabwera nawo m'sutikesi. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe ana a masikini akayamba kulanda mafoni ndi kumenya anthu madzulo, mzinda wonse umafuula kuti apolisi awasese. Amawasesa, pakapita masabata angapo abwerera pa mlatho pomwe paja, chifukwa chimene chinawathamangitsa kwawo chikadalipo. Ku Lusaka akuti majunkie. Wakuba akagwidwa pamsika, timadziwa tonse zimene gulu limachita, ndipo palibe amene amafunsa zaka zake tayala lisanabwere. Alipo a Chisomo Children's Club ndi ena amene amayenda nawo anawa mpaka kuwapezera abale awo, koma ambirife timangokweza galasi la galimoto. Mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe timaukonda paukwati ndi pachinkhoswe. Pamsewu timauiwala.

Ndipo kuno timawonjezerapo china chimene sitikonda kuchitchula. Tikakhala patokha timati, "Ana athu si ngati ana a anthu akuda a kunowa. Athu ndi oleredwa." Ndazimvapo m'nyumba zathu, ndipo nanenso ndinazinenapo. Koma mwana wa achimwene anga, wa zaka 15, amakhala ku Silver Spring, amavala juzi ya chipewa, amayenda ndi anzake asanu, amalankhula Chingerezi cha kuno. Tsiku lina ndikumudikira pa siteshoni ndinaona gulu la anyamata likubwera mwaphokoso, ndinagwira chikwama n'kusunthira kumbali. Mmodzi anakweza dzanja.

"Azakhali! Mukuthawa ndani?"

Anaseka, anzake anasekanso. Ine sindinaseke. Wapolisi amene akufuna kukwaniritsa lamulo loti ana asapezeke panja ikakwana 11 koloko sadzamufunsa ngati agogo ake ali ku Ntcheu. Mnyamata wa msewu wina amene wamuona ngati mdani sadzafunsanso. Ndipo bilu ya zaka 14 ija ikadzakhala lamulo, sidzasiyanitsa mwana wa Mmalawi ndi wa munthu wa ku Anacostia. M'miyezi yomwe ija, abale athu ena amene mapepala awo sanalongosoke anasiya kubwera ku mapemphero poopa zipata za apolisi ndi a ICE. Chitetezo chimene chinandikhazika mtima pansi pa siteshoni ndicho chinawatsekera iwo m'nyumba.

Amayi aja ndi ine sitinagwirizane. Anandipatsa mandasi awiri m'pepala n'kunena kuti ndikadzabereka ndidzamvetsa. Mwina n'zoona.

Mnyamata wa chipolopolo cha pantchafu anachira. Tsiku lotuluka kunabwera agogo ake, mayi wamng'ono thupi wovala yunifolomu ya ntchito yoyeretsa m'maofesi. Ndinawafotokozera za mankhwala, za kutsuka bala, za tsiku lochotsa ulusi. Fomu yathu ili ndi funso loti kodi wodwala ali ndi malo otetezeka okafikira, ndipo ndinawafunsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nyumba ndi yomwe ija, mwana wanga. Basi ya kusukulu amakwerera pomwe paja."

Ndinachonga bokosilo, poti fomu ilibe malo olembapo yankho lotere. Kenako ndinawapatsa jumbo ya katundu wake: foni yosweka galasi, makiyi, ndi nsapato zimene ndinali nditazipukuta magazi ndi thonje. Anazitulutsa, anaziyang'ana kunsi ndi kumwamba, n'kumuuza mdzukulu wawo kuti avale, chifukwa zina analibe.