Za Kuba Kosathyola Chitseko

Ku Phalombe palibe munthu wosadziwa dzina la iye amene athyola nandolo m'munda wa mnzake usiku. Ngakhale mwana wongoyamba katekisimu ayankha msanga kuti ameneyo ndi mbala, ndipo walakwira Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu. Koma kuli kuba kwina kosathyola chitseko, kosasiya mapazi m'mizere, kumene galu sauwa. Kuba kumeneku kwalowa pakati pa anyamata ndi atsikana amene makolo awo anagulitsa mbuzi ndi mpunga kuti akaphunzire ku yunivesite ku Zomba, ku Nguludi kapena ku Thyolo.

Machitidwe ake ndi otere. Wophunzira abwereka buku, napita nalo ku makina a fotokope, najambulitsa lonse kuyambira chikuto mpaka tsamba lotsiriza. Wina alandira pa fulashi pulogalamu yofunika kugula chilolezo, monga Windows kapena Microsoft Office, imene ena anaithyola loko, naiika m'kompyuta yake. Pa tchuthi afika nazo pa Boma, nagawira anzake, mwinanso nachita nazo malonda. Akafunsidwa ayankha kuti: "Ndaba chiyani? Kodi mwini wake alibe buku lake?"

Yankho limeneli ndi lakale kwambiri. Mbiri ya ku Ireland isimba kuti Columba Woyera, asanapite kukalalika ku chilumba cha Iona m'chaka cha 563, anakopera mobisa buku la Masalimo la mphunzitsi wake Finnian. Finnian atamva, anaitanitsa kopelo. Columba anakana, poti buku lenilenilo silinachepe ngakhale tsamba limodzi. Mlandu unafika kwa mfumu Diarmait, ndipo mfumu inagamula kuti kope litsate buku monga mwana wa ng'ombe atsata make. Mbiriyo iti mkanganowo unathera m'nkhondo imene inapha anthu ambiri. Ngati munthu amene pambuyo pake anakhala woyera anapunthwa pamenepa, mwana wa m'munsi mwa phiri la Michesi asadziyese wolimba.

Chimene chibedwa tsono si pepala ayi, koma malipiro a thukuta. Wolemba buku amagona mochedwa zaka zambiri, ndipo chakudya cha ana ake chichokera m'mabuku amene agulidwa. Kalasi yonse ikajambulitsa buku limodzi, iye walimira anthu ambiri nalandira malipiro a mmodzi. Yakobo Woyera, m'mutu 5 wa kalata yake, achenjeza mwaukali anthu omana antchito malipiro awo. Ndipo olemba a m'dziko muno akaleka kulemba chifukwa cha njala, ana a mawa adzawerenga chiyani?

Boma nalonso silinakhale chete. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza eni zolemba ndi zopekapeka m'chaka cha 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992 kuti lizitolera ndalama za oimba ndi olemba. Lamulo latsopano linabwera mu 2016. Lamulo la 2016 limenelo linati buku litetezedwe moyo wonse wa mlembi ndi zaka 50 iye atamwalira. Lamulolo si lankhanza: lilola wophunzira kutapa pang'ono pothandiza maphunzo ake, ndi kubwereza mawu a mlembi malinga atchule mwini wake.

Nanga umphawi? Funso ili ndi lolemera, ndipo Eklezia salinyoza. Mabuku ndi okwera mtengo, ndipo wogulitsa amene aika mtengo wosaganizira amphawi adzayankha yekha pamaso pa Mulungu. Eklezia aphunzitsanso kuti munthu wotsala pang'ono kufa ndi njala, akatenga chakudya, sanabe. Koma chiphunzitso chimenechi chinena za iye amene alibiretu njira ina. Wophunzira njira ali nazo. Kuli laibulale ya pa sukulu. Anthu asanu angathe kusonkherana buku limodzi ndi kuliwerenga mosinthana. Kulinso mapulogalamu monga Linux ndi LibreOffice, amene eni ake anawapereka ulere kwa aliyense, ndipo alemba kalata ndi kuwerengera bwino lomwe. Cholandiridwa m'manja mwa mwini ndi mphatso.

Machimo onse salemera mofanana. Amene anachita mosadziwa, kapena mopanikizidwa ndi mayeso, sangayesedwe chimodzimodzi ndi iye amene watsegula malonda pa ntchito ya mnzake. Komabe pa kuba, kulapa kuyenda pamodzi ndi kubweza, monga anachitira Zakeyo. Akatekisi pokonzekeretsa ophunzira obwera ku tchuthi kuti akalape, awafotokozere kabwezedwe kake: wogulitsa makope aleke, wosunga pulogalamu yothyoledwa aifafanize kapena aigulire chilolezo, ndipo iye amene anapambana mayeso ndi buku lojambula, akalandira malipiro ake oyamba, akagule buku lenileni nalipereke ku sukulu ya kwawo.