Kodi Mliri Utha Liti?

Abale anga, tiyeni tilingalire pamodzi funso ili. Pa 2 April 2020 Boma linalengeza kuti nthenda ya Covid-19 yalowa m'Malawi. Mu January 2021 inakula ndithu, nipha nduna ziwiri za Boma tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo bwalo la masewera la Bingu ku Lilongwe linasanduka cipatala. Lero ife tayamba kuiwala, ticita malonda athu pa Tsangano monga kale. Koma nanga iwo amene anagwira odwala ndi manja ao, kodi kwa iwo mliri unatha?

Mlimi wa mbatata ya kacewere adziwa ici: mbatata yina ioneka yabwino kunja, koma poidula upeza banga lakuda m'kati. Momwemo mtima wa namwino kapena dotolo. Iye anaona munthu alikufa wosowa mpweya, napanda comthandiza naco. Pobwera kwao madzulo anaopa kunyamula mwana wace, kuti angampatse nthenda. M'malo ena anthu anamkana m'galimoto, ena namnena kuti ndiye aletsa kulira maliro mwa mwambo wa makolo. Zotere sizicoka msanga. Ena mpaka lero sagona tulo, alota akufa aja, apsa mtima pacabe, ndipo nchito imene anaikonda yawalemera.

Tsono ife titi ciani? Ena ati, Ndiyo nchito yace, analandira malipiro. Zoona, malipiro alipira dzuwa la munthu, koma salipira mantha ace. Ena ati, Munthu wolimba sadandaula. Koma kubvutika mtima pambuyo pa zoopsa ndiko nthenda, si ulesi ai, ndipo alipo aphungu ndi madotolo odziwa kuiciza.

Cifukwa cace mangawa athu sanathe. Ngati muli naye mbale wogwira nchito m'cipatala ca pa Tsangano kapena ca pa boma ku Ntcheu, mumuyendere, mukhale naye pansi, mumfunse za masiku aja, ndipo poyankha iye musamdule mau. Ngati munamnyoza nthawi ija, mupepese. Akulu anati, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mliri wina ukadza, tidzathamangira kwa anthu omwewa; tisawasiye asenze okha katundu amene anamsenza cifukwa ca ife.