Pamene Wokhulupirira Afunsa Kuti “Nchifukwa Ninji?”

MMAŴA wa pa November 1, 1755, matchalitchi a mumzinda wa Lisbon, ku Portugal, anali odzaza ndi anthu, popeza kuti linali Tsiku la Oyera Mtima Onse. Mwadzidzidzi nthaka inagwedezeka. Matchalitchi ambiri anagwera olambirawo, mafunde aakulu anakokolola awo amene anathaŵira kudoko, ndipo moto unayaka kwa masiku angapo. Anthu zikwi makumi ambiri anafa.

Tsokalo linagwedezanso chikhulupiriro cha ambiri mu Ulaya yense. Kodi Mulungu wachikondi ndi wamphamvuyonse akanalola motani anthu kufa alimkati momlambira? Wansembe wina wotchedwa Gabriel Malagrida analengeza kuti chivomezicho chinali chilango kaamba ka machimo a mzindawo. Wafilosofi Wachifalansa Voltaire anatsutsa zimenezo, akumafunsa ngati Lisbon analidi woipa kuposa London kapena Paris.

Funso limenelo lidakalipo. Ndipo kaŵirikaŵiri wolifunsayo samakhala wokana Mulungu, koma munthu wopembedza, mwinamwake nakubala amene wangoika mwana wake m’manda. Kodi Mkristu ayenera kukambitsirana naye motani?

Kufunsa Sindiko Kupanda Chikhulupiriro

Opembedza ambiri anaphunzitsidwa kuti kufunsa za njira za Mulungu ndiko kuchimwa. Chotero amabisa zikayikiro zawo, ndipo chikhulupiriro chawo chimafumbwa mkati monga mzati wodyedwa ndi chiswe. Komabe, Baibulo silimachirikiza mantha oterowo. Mneneri Habakuku anafunsa Mulungu chifukwa chake analekerera chiwawa ndi chisalungamo. Mmalo mwa kumdzudzula, Mulungu anamyankha, ndipo mafunsowo anasungidwa m’Malemba. (Habakuku 1:2, 3, 2:2, 3) Munthu amene amavutika maganizo poona zoipa amasonyeza kuti amayembekezera Mulungu kukhala wolungama. Chimenecho nchikhulupiriro chofunikira kulimbitsidwa, osati kutontholetsedwa.

Yankho Lofulumira Limavulaza

Mabwenzi atatu a Yobu anali ndi yankho lokonzeratu: munthu wovutika ayenera kukhala atachimwa. Iwo analingalira kuti anali kutetezera Mulungu, komatu Mulungu anawakwiyira chifukwa sananene zoona ponena za iye. (Yobu 42:7) Malagrida anagwera m’mbuna imodzimodziyo. Yesu, potchula za anthu 18 amene anaphedwa pamene nsanja ya m’Siloamu inawagwera, anakana poyera kuti iwo anali ochimwa koposa anthu ena a m’Yerusalemu. (Luka 13:4, 5) Motero kuuza wofedwa kuti imfayo inali chifuniro cha Mulungu kungamveke kukhala kwaulemu, koma kumaika mlandu pa Mlengi ndipo kumasiya wolirayo wopanda wothaŵirako.

Nchifukwa chake Mkristu wanzeru amayamba wamvetsera. (Miyambo 18:13) Mawu amodzimodziwo angachokere kwa wophunzira wofuna kumvetsa kapena kwa munthu wosweka mtima, ndipo aŵiriŵa safunikira yankho lofanana.

Kuyambira pa Mfundo Yogwirizana

Pamene mtumwi Paulo anakumana ndi afilosofi Achiepikureya ndi Achistoiki mu Atene, ena a iwo anamnyoza. Iye sanabwezere. Pa Areopagi anayamba mwa kuvomereza kudzipereka kwa omvetsera ake pa kupembedza, natchula guwa lawo la mulungu wosadziŵika, nagwira ngakhale mawu a andakatulo awo. Pambuyo pake mpamene anafika pa chiweruzo ndi chiukiriro. Ena anaseka, koma ena, kuphatikizapo Dionisiyo ndi Damarisi, anakhulupirira.—Machitidwe 17:18-34.

Mofananamo, wopembedza amavomereza kale kuti Mulungu ngwabwino. Kuchokera pamfundo imeneyo, angathandizidwe kuona lingaliro lobisika m’funso lakelo, lakuti chilichonse chochitika nchochititsidwa ndi Mulungu. Kodi nzoona? Malemba amanena kuti Mulungu sayesa munthu ndi zoipa, kuti zogwa mwadzidzidzi zimagwera onse, ndi kuti dziko lili m’mphamvu ya woipayo. (Yakobo 1:13, Mlaliki 9:11, 1 Yohane 5:19) Zochita za anthu nazonso zimakulitsa masoka. Mu 1756, Jean-Jacques Rousseau anakumbutsa Voltaire kuti anthu ndiwo anamanga nyumba zazitali zothithikana za m’Lisbon.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kulola ndi kuchititsa. Woweruza amene alola mlandu kuzengedwa kufikira umboni wonse utamvedwa sakhala akuvomereza zochita za wopalamulayo. Kudikirako nkoŵaŵa kwa olakwiridwa, koma chigamulo choperekedwa pambuyo pake sichingatsutsidwenso.

Kudzichepetsa Kumatsegula Mtima

Ngakhale zili choncho, fanizo lililonse lili ndi polekezera. Baibulo limafotokoza chifukwa chake kuipa kwaloledwa kwa kanthaŵi, koma silimafotokoza chifukwa chake mwana uyu anafa pamene wa mnansi anachira. Yobu mwiniyo, pamene Mulungu analankhula naye m’kavumvulu, sanauzidwe zimene zinachitika kumwamba mayesero ake asanayambe. Mkristu amene avomereza malire a chidziŵitso chake sataya kanthu. Kwenikweni, womvetsera wake amamkhulupirira kwambiri pa zimene akuzidziŵadi.

Mtumwi Petro analangiza Akristu kufotokoza chiyembekezo chawo mofatsa ndi mwaulemu. (1 Petro 3:15) Cholinga sindicho kupambana mkangano, pakuti munthu angasoŵe choyankha koma nachoka ali chikayikirebe. Nakubala wofedwa uja afunikira kudziŵa kuti Mulungu sanamlande mwana wake, kuti amamva kulira kwake, ndi kuti walonjeza kuchotsa imfa ndi zoŵaŵitsa. (Chivumbulutso 21:4) Ngati achoka pamakambitsiranowo ali wokhoza kupempheranso, funso lake lidzakhala litamyandikiza kwa Mulungu mmalo mwa kumtalikitsa.