Nsomba za M'nyanja ndi za Yani?

Dziko lathu la Moçambique liri ndi nyanja ya Niassa, imene ambiri a ife tiidziwa. Liri ndi nyanja inanso kum'mawa, yaikulu koposa, ya madzi amcere. Gombe lake ndi lalitali makilomita oposa 2,400, kucokera pa mtsinje wa Rovuma kumpoto kufikira ku Ponta do Ouro kumwera. Madzi a Zambezi amene apita pa Zumbo ndi pa Tete akathira m'nyanja imeneyo. Abale athu a kugombe adalira usodzi monga ife tidalira khasu, ndipo nsomba zouma zocokera kwao zifika ngakhale m'misika ya kumtunda kuno.

Msodzi wa kugombe amene afuna kupha nsomba zogulitsa ayenera kukhala ndi cilolezo, cimene pa Cipwitikizi acicha licença. Apita ku ofesi ya boma ya m'distrito mwake. Alembetsa dzina lake, bwato lake ndi mtundu wa ukonde wake, nalipira ndalama. Caka cikatha atenganso cina. Lamulo la usodzi linalembedwa mu 1990, ndipo mu 2013 linalowedwa m'malo ndi latsopano. Malamulo a usodzi wa m'nyanja yamcere anakonzedwanso mu 2020.

Tsono msodzi wina afunsa kuti: "Cimanga ciri ndi mwini cifukwa wina anacidzala. Mbuzi iri ndi mwini cifukwa wina anaiweta. Nanga nsomba anaidzala ndani? Anaidyetsa ndani? Ndilipiriranji cinthu cimene palibe munthu anacigwirira nchito?"

Funso ili si lopusa. Tiyeni tiliganizire bwino.

Cinthu copanda mwini cimatha msanga. Tonse tinaona mtengo wa mango wa m'mbali mwa njira. Zipatso zake sizifika pakupsa, cifukwa yense wopita anena mumtima kuti: "Ndikazisiya ine, wina azithyola." Palibe amene afuna kuononga mtengowo, koma onse pamodzi auononga. M'nyanja ziri cimodzimodzi. Msodzi ali yense akati "papsa tonola, sudziwa mtima wa moto", tsiku lidzafika lakuti ukonde ubwere wopanda kanthu.

Ena ati nyanja ndi yaikulu, nsomba zake sizingathe. Anthu a ku Newfoundland, m'dziko la Canada, anaganizanso tero. Kwa zaka mazana anali kupha nsomba yochedwa bacalhau. Zitabwera sitima zazikulu zokoka makoka, nsombayo inacepa kwambiri, ndipo mu 1992 boma linatseka usodzi wake. Anthu pafupifupi 30,000 anataya nchito. Madzi akatayika saoleka.

Malamulo aakulu a dziko lathu anena kuti cuma ca m'madzi ndi ca Boma. Tanthauzo lake ndi lakuti nsomba ndi za anthu onse: a kugombe, a kumtunda, ndi ana amene sanabadwe. Wotenga cilolezo sagula nyanja. Iye avomera kuti akutapa m'nkhokwe ya anthu ambiri, ndipo alola kuwerengedwa. Mudzi umene sudziwa ciwerengero ca ng'ombe zake sungadziwe ngati msipu wa kudambo ukwanira. Boma nalonso silingasunge nsomba ngati silidziwa kuti mabwato ndi maukonde alipo angati.

Malamulo a kugombe ali ndi zifukwa zake. Titenge citsanzo ca kamarawu, kanyama ka m'madzi ka miyendo yambiri kamene dziko lathu ligulitsa kunja. Malo amene kapezeka kambiri ndi Banco de Sofala, m'madzi osazama a kufupi ndi Beira, Quelimane ndi Angoche. Kamarawu aikira mazira m'nyanja. Tiana take tilowa m'matsiriro a mitsinje, ndi kubisala m'mizu ya mitengo yomera m'matope amcere yochedwa mangal. Tikakula tibwerera kunyanja. Cifukwa cake caka ndi caka boma liika nthawi yoletsa, yochedwa veda, m'miyezi ya mvula, kuti tianato tikule. Cifukwa cakenso kudula mangal mosasamala kuli ngati kugwetsa khola la anapiye.

Lamulo liletsa ukonde wa maso ang'ono kwambiri. Ku Sofala kuli msampha wochedwa chicocota, wosokedwa ndi neti ya udzudzu. Umenewu sulola kanthu kupyola, ugwira ndi mazira omwe. Lamulo liletsanso mabomba ndi mankhwala monga katupe, cifukwa zipha cazikulu ndi cacing'ono pamodzi. Akamba a m'nyanja saloledwa kuphedwa. Cimodzimodzi dugongo, nyama yoyamwitsa yodya udzu wa pansi pa nyanja, imene yatsala pang'ono pa zilumba za Bazaruto, malo osungidwa kuyambira mu 1971.

Ife alimi tidziwa lamulo lotere popanda kuliwerenga m'buku. Ngakhale njala ikule, mbeu sitidya. Wopha tiana ta nsomba akudya mbeu, ndipo mbeuyo si yake yekha.

Koma pano pali mfundo yovuta. Miyezi ya veda ndi yomweyo imene ufa ucepa m'nyumba. Munthu ali ndi ana asanu, alibe bwato, alibe ndalama yogulira ukonde wabwino. Ali ndi neti ya udzudzu yokha. Kodi akaiponya m'madzi tidzamuti ndi munthu woipa? Iyai, tisafulumire kumuweruza. Njala ndi yowawa, ndipo mwana wolira sadziwa mwezi wa veda. Komabe tinene zoona: njala itiuza cifukwa cake munthuyo wacita zimenezi, koma siibweza nsomba m'madzi. Tiana timene adya lero m'mbale imodzi tikadadzaza dengu miyezi ingapo kutsogolo. Usiku womwewo ana ake agona popanda neti, ndipo malungo awapeza. Wosauka ndiye ayamba kulira nsomba zikatha, cifukwa wolemera asamutsa ngalawa yake kapena ayamba malonda ena.

Tsono mlandu suli pa wosauka yekha. Amene aletsa munthu kupha nsomba ayeneranso kufunsa kuti munthuyo adya ciani m'miyezi imeneyo. Munda, ziweto, magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, zonsezi zithandiza kuti lamulo litheke kusungidwa.

Ndiponso lamulo liyenera kugwira onse mofanana. Madzi a kufupi ndi gombe anasungidwira asodzi ang'ono, ndipo sitima zazikulu siziloledwa kukokamo. Sitima ya dziko lina siiloledwa kupha nsomba m'madzi athu, amene afika mamailosi 200 kucokera kugombe, popanda cilolezo. Ngati woyang'anira atentha neti ya mkazi wamasiye koma alandira ciphuphu kwa mwini sitima, ndiye kuti lamulo lasanduka ukonde wogwira tiana ndi kusiya zikuluzikulu. Msodzi womvera akaona wosamvera akulemera, mtima wake ubwerera m'mbuyo. Munthu apirira msanga akadziwa kuti anzake onse akupirira naye.

Cifukwa cake m'midzi ya asodzi muli mabungwe ochedwa Conselhos Comunitários de Pesca. M'menemo asodzi eni ake akhala pansi, akambirana za malo ndi nyengo zopumitsa madzi, nathandiza kuyang'anira gombe. Nzeru imeneyi si ya alendo. Kutsidya kwa nyanja ya Niassa, pa cilumba ca Mbenji m'Malawi, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi m'miyezi ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950. Lamulo limene anthu analipanga okha alisunga ndi mtima wonse.

Tsono nsomba za m'nyanja ndi za yani? Ndi za ife tonse, ndipo cifukwa ca cimeneci palibe mmodzi wa ife amene angazitenge monga afunira. Msodzi atenge cilolezo, asunge veda, asiye tiana. Boma liwerenge moona, ligwire wamkulu ndi wamng'ono, likumbukire wanjala. Ife ogula tikane nsomba zing'onozing'ono zophedwa ndi neti ya udzudzu, pakuti wogula ali ndi gawo pa mlandu wa wopha. Zimenezi zikhudzanso ife a ku Niassa, a ku Cahora Bassa ndi a m'mbali mwa mitsinje.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwathu muli zinthu ziti za anthu onse? Azisunga ndani?
2. Munthu wanjala akaswa lamulo la veda, mudzi ucite naye ciani?
3. Kodi makolo athu anali ndi malamulo otani a kumadzi ndi a kuthengo?