Phunziro la pa Msewu wa ku Beira

M'ZAKA za m'ma 1950 ndi 1960, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland anali kugwira ntchito yophika ndi yosamalira maluŵa m'nyumba za azungu ku Salisbury, mzinda umene tsopano uli Harare. Nyengo ya tchuti itafika, iwo ndiwo anali kulongedza katundu m'galimoto la bwana. Banja la bwanayo linali kuloŵera kummaŵa, kudzera ku Umtali, nkuwoloka malire pa Machipanda, kufikira litafika ku Beira, doko la Apwitikizi la m'mphepete mwa nyanja yamchere. Wantchitoyo anali kutsala akulonda nyumba. Kodi kukanakhala kodabwitsa ngati kaduka kakanamera mumtima mwake?

Wamasalmo Asafu, Mlevi wokhulupirika, anavutikapo ndi malingaliro otero. Poona mtendere wa anthu odzikuza, iye anatsala pang'ono kuterereka. Maganizo ake anawongoka kokha pamene analoŵa m'malo opatulika a Mulungu nazindikira mapeto awo. (Salmo 73:2, 3, 16-19)

Talingalirani nyumba imene Beira anainyadira koposa, Grande Hotel. Inatsegulidwa m'ma 1950, ili ndi makwerero aakulu ndi dziŵe lalikulu losambiramo. Komabe, alendo okhoza kulipira mitengo yake anali oŵerengeka, ndipo mu 1963 inatsekedwa. Onani kuti sinali nkhondo imene inaitseka, pakuti Mozambique analandira ufulu wodzilamulira mu 1975, zaka 12 pambuyo pake. Mu 1976 malire ake ndi Rhodesia anatsekedwa, ndipo magalimoto a tchuti sanaonekenso. Mkati mwa nkhondo yachiŵeniŵeni, imene inatha mu 1992, othaŵa kwawo anadzaza zipinda zake. Matabwa okongola a pansi anazulidwa nakhala nkhuni zophikira, ndipo mitengo inamera pamakhonde apamwamba. Ndithudi, osauka amene anabisala mmenemo sali oyenera kunyozedwa. Iwo anangofuna denga. Koma nyumbayo ikuchitira umboni chenjezo la Yesu lonena za chuma chokundikidwa padziko lapansi. (Mateyu 6:19-21)

Lerolino adzukulu a antchito aja, okhala ku Mabvuku, Mufakose ndi Highfield, angayende okha ulendo umenewo wa makilomita oposa 500. Kodi kutero nkulakwa? Kutalitali! Yesu mwiniyo anaitana atumwi ake otopa kuti akapumule. (Marko 6:31) Ngozi ili pa chisonkhezero cha mtima. Mutu wa banja Wachikristu angadzifunse ngati akufuna galimoto chifukwa chakuti banja likulifunikira, kapena chifukwa chakuti mnansi wake waimika lake pakhomo. Ena aloŵa m'ngongole ya katapira kaamba ka zimenezi, ndiyeno ayamba kugwira ntchito usiku ndi pa Sande kuti aibweze, akumasiya ana awo kupita okha kumisonkhano yampingo.