Wotitsina Khutu Akakhala Wokayikitsa

Pali funso lakalekale limene ife a ku gombe la kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa tayamba kulifunsa mwatsopano chifukwa cha mafuta a galimoto. Funsolo ndi ili: kodi munthu amene sitimukhulupirira akatipatsa malangizo abwino, tiwalandire kapena tiwakane? Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma sanatiuze chochita ngati wotitsina khutuyo ndi yemwe uja tikumuganizira kuti akutipisa m'thumba.

Wina angadabwe kuti nkhani ya petulo ndi dizilo ikuwakhudza bwanji anthu a kuno, poti ambiri a ife tilibe ngakhale njinga yamoto. Yankho lake lili pa doko la Kachulu. Boti la injini lopita ku chilumba cha Chisi limamwa petulo. Matemba, makumba ndi milamba sizingafike pa msika wa Zomba kapena wa Limbe popanda galimoto. Mayi wodwala pakati pa usiku amadalira kabaza wa njinga yamoto. Chigayo chimene sichinalumikizidwe ku magetsi chimadya dizilo. Choncho mtengo wa mafuta ukakwera ku Lilongwe m'mawa, pofika madzulo umakhala utalowa kale m'mbale ya nsima ya mwana wa kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji.

Nthawi zonse mafuta akakwera kapena akasowa, a boma amatilangiza kuti tiziwagwiritsa ntchito mosamala: tichepetse maulendo, tikwerere pamodzi, tisamale mainjini athu. Ndipo nthawi zonse pa doko pamabuka magulu awiri. Gulu loyamba limati malangizowo ndi oona, dziko lathu ndi losauka, tiyenera kumanga lamba. Gulu lachiwiri limati amenewo ndi mawu otiphimba nawo m'maso, cholinga chawo n'choti tizidziimba tokha mlandu pamene akuluakulu akudya. Ine ndakhala ndikumvetsera mbali zonse ziwiri, ndipo maganizo anga ndi akuti aliyense wagwira mwendo umodzi wa nyama, koma akulimbikira kuti wagwira nyama yonse.

Tiyambe ndi zimene sizifuna kukhulupirira munthu aliyense. Dziko la Malawi silikumba mafuta. Dontho lililonse la dizilo limatsika m'sitima zapamadzi ku madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique kapena ku Dar es Salaam ku Tanzania, kenaka n'kuyenda mtunda wa makilomita mazanamazana kuti litipeze. Ogulitsa mafutawo salandira kwacha, amafuna madola. Mtengo wake pa msika wa dziko lonse suikidwa ndi nduna ya ku Malawi. Mu July 2008 mgolo umodzi unafika pa madola 147, ndipo mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, unadutsanso madola 100. Pamwamba pa izi pali mphamvu ya ndalama yathu. Kwacha inagwa mu May 2012, inagwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Mwezi womwewo lita imodzi ya petulo inachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Amene amati kukwera kulikonse kwa mafuta ndi chiwembu cha boma ayenera kutifotokozera kuti boma lathu linalamula bwanji nkhondo ya ku Ukraine.

Komabe kukayika kwa anthu sikunagwe kuchokera kumwamba. Kuli ndi mizu. M'kati mwa mtengo wa lita iliyonse muli misonkho ingapo, monga wokonzera misewu ndi wofikitsira magetsi kumidzi. Msodzi wa pa Chilwa wakhala akulipira misonkhoyi kudzera m'boti ndi m'matola kwa zaka zambiri, chikhalirecho misewu yambiri ya m'midzi yathu idakali yafumbi m'chilimwe ndi yamatope m'dzinja. Mu 2019 kunabwera msonkho wa utsi wa galimoto, ndipo mu 2021 zipata zolipiritsa pa msewu zinayamba pa Chingeni. Anthu akukumbukira mizere ya mafuta ya mu 2011 ndi zionetsero za pa 20 July chaka chimenecho, pamene anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Akukumbukira Cashgate ya mu 2013, pamene ofufuza anapeza kuti ndalama zokwana K24 biliyoni zinasowa m'boma m'miyezi yowerengeka. Akukumbukiranso kuti mtengo wa K2,530 unaumitsidwa kwa zaka pafupifupi ziwiri, mafuta akusowa m'malo omwetsera koma akupezeka m'zigubu pa mtengo wowirikiza, mpaka chisankho cha pa 16 September 2025 chitadutsa, pamene mu October unakwera kufika pa K3,499. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Munthu amene waona zonsezi akakayika, sitingamunene kuti ndi mbuli. Iye akuwerenga mbiri.

Pamenepa ndi pamene pagona vuto la umunthu limene ndikufuna kulisinkhasinkha. Kukayikira mtima wa wolankhula ndi chinthu china, ndipo kukana zimene walankhula ndi chinthu chinanso. Fisi akakuuza kuti nyumba yako ikupsa, ndi nzeru kudzifunsa chimene iye akufuna pafupi ndi khola lako. Koma ndi uchitsiru kusatuluka kukaona denga.

Lita ya petulo sidziwa chipani. Boti lonyamula anthu makumi atatu kupita ku Chisi limawononga mafuta ochepa pa munthu aliyense kusiyana ndi boti lomwelo likanyamuka ndi anthu asanu. Injini yakale yosasamalidwa imamwa kwambiri kuposa yokonzedwa m'nthawi yake. Njinga yamoto ya matayala ophwa, kapena yothamangitsidwa ngati ikuthawa moto, imatha mafuta msanga. Galimoto yolimbana ndi mchenga ndi maenje pa giya yoyamba imadya zimene ikanayendera mtunda wautali pa msewu wabwino. Zimenezi n'zoona kaya wazinena ndi mngelo kaya ndi mbava. Mnyamata wa kabaza amene wakana kupopa matayala ake poti malangizowo anawamva pakamwa pa nduna, salanga ndunayo ayi. Akulanga mphika wa kunyumba kwake.

Ife a pa Chilwa tili ndi chitsanzo chapafupi. Chaka ndi chaka nyanja imatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti nsomba ziswane. Alipo amene amati lamuloli linabwera kuti olondera apezerepo zoziziritsa kukhosi. Mwina pena zoterozo zinachitikadi. Koma matemba amaikirabe mazira m'nyengo yomweyo, ndipo khoka likawakokolola ali ndi mazira, chaka chotsatira tonse timalira. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Amene anayendapo ndi mapazi pomwe kale pankadutsa mabwato amadziwa kuti chinthu chimene chimaoneka chosatha chimatha. Chilengedwe sichidikira kuti tiyambe takhulupirirana.

Pali choopsa china m'kukayika kopanda malire, chimene sitichiona msanga. Munthu akafika ponena kuti onse ndi akuba, amakhala wadzimasula ku ntchito yofufuza kuti wakuba weniweni ndani, anaba zingati, ndipo anaba liti. Mawu akuti onse ndi amodzimodzi amamveka ngati aukali, koma kwa wakuba ndi bulangeti lofunda. Iye amasowa m'chigulu. Wogwira ntchito m'boma wokhulupirika, amenenso alipo, amataya mtima poona kuti chilungamo chake ndi chinyengo cha mnzake zikulandira malipiro amodzi, omwe ndi chitonzo. Motero kukayika kotere kumalera chinthu chomwecho chimene kukudana nacho.

Koma ndikanakhala wosalungama ndikanalekera pomwepa, ngati kuti mlandu wonse uli pa anthu wamba. Malangizo angakhale oona koma n'kukhala opanda chilungamo chifukwa cha amene akuuzidwa. Taganizani za anthu a kuno. Msodzi amakankha bwato lake ndi nsungwi yayitali kapena kupalasa ndi nkhafi, ndipo amagona m'zimbowera pakati pa nyanja kuti asamabwerere kumtunda tsiku ndi tsiku. Wogula nsomba amamanga dengu pa njinga yakapalasa n'kupalasa mpaka ku Zomba. Amayi a ku Kachulu anaphunzira kuumitsa matemba m'nyumba zoyanikira za dzuwa m'malo mwa nkhuni. Ngati pali anthu pa dziko lapansi amene amayenda mtunda wautali ndi mafuta ochepa, ndi amenewa. Kuwauza kuti achepetse kuli ngati kuuza munthu wogona ndi njala kuti asamadye mopitirira muyezo.

Malita ambiri amene dziko lino lingapulumutse sali m'manja mwa wakabaza. Ali m'manja mwa omwe aja otilangiza. Kumpoto kwa nyanja yathu kumadutsa njanji yochokera ku Nacala kudzera pa Nayuchi ndi Liwonde, imene inatsegulidwa mu 1970. Gudumu lachitsulo loyenda pa chitsulo silivutika ngati tayala pa msewu, ndipo sitima imodzi imanyamula mafuta amene akanafuna magalimoto akuluakulu ambirimbiri, aliyense akuwotcha dizilo ulendo wopita ndi wobwerera. Kusankha pakati pa njanji ndi msewu si kwa msodzi. Dziko lathu linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe mu 1982 ku Dwangwa, ndipo mu 2004 fakitale ina inatsegulidwa ku Chikwawa. Kukulitsa ntchito imeneyi, kuti madola ochepa azituluka, si kwa mayi wogulitsa matemba. Kukonza msewu kuti galimoto isamalire pa giya yoyamba si kwa dalaivala. Ndipo kufupikitsa mdipiti wa galimoto zazikuluzikulu zoperekeza munthu mmodzi kokatsegulira msonkhano si kwa ife. Mtsogoleri amene amalalikira za kusamala mafuta atatsika m'mdipiti wotero, mawu ake amakhalabe oona, koma iye mwini wawavula ulemu.

Tsono ine ndikuona kuti tikamva malangizo ochokera kwa olamula, tisamafunse funso limodzi koma atatu, ndipo tisawasakanize. Loyamba: kodi zimenezi n'zoona? Lachiwiri: apindule ndani? Lachitatu: katunduyu asenze ndani, ndipo wotiuzayo wasenzako mbali yake? Funso loyamba likayankhidwa kuti inde, tichite zimenezo chifukwa cha ife eni, osati pofuna kusangalatsa boma. Mafunso awiri otsalawo tisawameze. Tiwatengere kumene angayankhidwe.

Kukayika kwabwino kumabala funso lokhala ndi dzina ndi nambala. M'malo monena kuti onse ndi akuba, tifunse kuti pa lita iliyonse ndalama zingati zimapita ku misewu, chaka chatha zinasonkhanitsidwa zingati, zinafika zonse ku thumba la misewu kapena ayi, ndipo boma la Zomba linalandirako zingati. Bungwe la MERA limene limaika mitengo, ndi la NOCMA limene limagula mafuta m'dzina la boma, ndi mabungwe a anthu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Khansala ndi phungu tinawasankha kuti azinyamula mafunso otere.

Ndikudziwa kuti wina ati msodzi wosapita patali ndi sukulu sangalembe kalata ku Lilongwe, ndipo ngakhale atalemba sangayankhidwe. Pali choonadi m'mawu amenewa. Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tili ndi makomiti a m'madoko, makomiti a chitukuko a m'midzi, mipingo, mizikiti, ndi aphunzitsi amene amadziwa kulemba. Funso lofunsidwa ndi munthu mmodzi limatha kunyalanyazidwa. Funso lomwelo likafunsidwa ndi doko lonse, pa msonkhano uliwonse, chaka ndi chaka, limasanduka ngongole. Ndipo ngakhale yankho litachedwa, wofunsa amakhalabe nzika, pamene wongong'ung'udza wavomera kale kuti dzikoli ndi la ena.

Kukhulupirirana pakati pa olamula ndi olamulidwa kuli ngati madzi a Chilwa. Sikudzadza ndi mvula ya tsiku limodzi, ndipo kukaphwa sikubwerera chifukwa choti wina walamula pa wailesi. Kumabwerera pang'onopang'ono, kudzera m'timitsinje ta malonjezo osungidwa ndi ndalama zowerengedwa poyera. Udindo woyamba ndi wa amene anakuphwetsa. Pakali pano, ife tipope matayala athu, tidzaze maboti athu asananyamuke, tisamale mainjini athu, pakuti zimenezi ndi zathu. Kenaka, ndi manja oyera, titembenukire kwa wotitsina khutu uja n'kumufunsa mwaulemu koma mosatopa kuti: tamva, bwana, nanga inu mwachepetsako zingati?