Tikumbukire Zipsera Kapena Kukana?

Mumzinda wa Tbilisi, m'dziko la Georgia, muli tchalitchi cha Metekhi chomwe chinamangidwa pathanthwe moyang'ana mtsinje wa Kura. Akhristu akumeneko amakhulupirira kuti mmenemo ndimo munagona mafupa a Shushanik, mfumukazi yomwe inafera chikhulupiriro cha m'ma 475. Papita zaka zoposa 1,500 koma anthu akuyatsabe makandulo m'dzina lake. Funso n'lakuti, kodi chimene akulemekeza mwa mayiyu n'chiyani kwenikweni?

Shushanik anali mwana wa Vardan Mamikonian, mkulu wa asilikali a Armenia amene anafa pankhondo ya ku Avarayr mu 451 poteteza Chikhristu. Anakwatiwa ndi Varsken, wolamulira dera la Gugark. Cha m'ma 466 Varsken anapita kwa Peroz, mfumu ya Persia, ndipo pofuna kukondedwa nayo anataya Chikhristu n'kulowa chipembedzo cha Zoroaster. Mkazi wake atamva izi anatuluka m'nyumba yachifumu n'kukakhala m'kanyumba ka pafupi ndi tchalitchi. Mlamu wake Jojik pamodzi ndi bishopu anamunyengerera kuti abwerere. Kubwerera anabwereradi, koma anakana kudyera limodzi ndi mwamunayo. Varsken anam'menya ndi chitsulo chosonkhezera moto, ndipo pambuyo pake anam'tsekera m'ndende momwe anavutikamo zaka 6 mpaka kumwalira. Zonsezi analemba ndi wansembe wake, Iakob wa ku Tsurtavi, m'buku lomwe ndi lakale koposa mwa mabuku a m'chinenero cha ku Georgia amene alipo lero.

Pali njira ziwiri zomvera nkhaniyi. Yoyamba ndi yoyang'ana zipsera, n'kumati chiyero cha mayiyu chinali m'kupirira kwake. Njirayi ndi yokoma m'khutu koma mkati mwake muli ululu. Tikaphunzitsa kuti kumenyedwa n'kumene kunamuyeretsa, ndiye kuti chitsulo cha Varsken tachisandutsa chida cha Mulungu. Pamenepo tapereka mpeni kwa aliyense wouza mkazi wotupa maso kuti banja n'kupirira, abwerere kunyumba asachititse manyazi abale.

Njira yachiwiri ndi yoyang'ana kukana. Shushanik sanapirire n'cholinga chosunga banja kapena ulemerero. Akanafuna zimenezo akanangogonja, n'kumadya zonona mpaka kukalamba. Iye anaima pa mfundo yakuti mwamuna, ngakhale akhale mfumu, alibe ulamuliro pa chikumbumtima cha mkazi wake. Mavuto aja anali mtengo umene analipira, osati chinthu chimene ankafuna.

Wina atha kunena kuti timam'kumbuka chifukwa anali wa magazi achifumu ndipo anali ndi mlembi pambali pake. N'zoona. Akazi osawerengeka anamenyedwa n'kuikidwa popanda wolemba mayina awo. Komatu ufumu wake ukutisonyezanso kukula kwa zomwe anataya. Kukana kwa munthu amene ali ndi zonse zoti n'kutaya kumaonetsa poyera kuti chilipo china choposa chuma ndi mpando.

Mlandu suola. Varsken anaphedwa ndi mfumu Vakhtang Gorgasali mu 482, ndipo dzina lake limatchulidwa lero makamaka chifukwa cha mkazi amene anam'zunza. Choncho woyatsa kandulo ku Metekhi adzifunse: mkazi wonga Shushanik atagogoda pakhomo panga usiku uno, kodi ndingam'tsekulire, kapena ndingakhale Jojik wom'perekeza kubwerera kwa mwamuna wake?